Chosatchula cha Lachitatu

Kutchalitchi kwathu palibe chiwalo cha munthu chimene sichinatchulidwepo pamaso pa Mulungu. Lachitatu lililonse madzulo, tikaimba nyimbo ziwiri, Abusa Pruitt amavula magalasi n'kufunsa kuti, "Zopempherera, abale?" Apo ndiye mumamva zonse: ndulu ya Mayi Ledford, matenda a mudzi a Bambo Burl Haney, chikhodzodzo cha akazi awo a aphunzitsi aakulu chimene chimadontha akatsokomola. Mwala umene unatuluka mu impso ya a Burl ndinauona ndi maso angawa, poti anabwera nawo m'kabotolo n'kuuyendetsa benchi ndi benchi.

Koma nkhani ikakhala yochititsa manyazi, kaya mwamuna wathawa ndi kamtsikana ka kubanki, kaya mwana wagwidwa ndi chamba, sititchula. Munthu amangokweza dzanja n'kuti, "Chosatchula." Abusa amagwedeza mutu, "Ambuye akudziwa," nkhani yatha. Ambuye amadziwadi, koma nafenso timadziwa. Katauni kathu ka m'mapiri a Ozark aka, ukayetsemulira ku positi, wokuuza kuti pepa amakhala ali pomwetsera mafuta.

Mwana wanga Dessa anadwala Novembala wapitayu, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Zinayamba pang'onopang'ono. Sankagona, ankazimitsa wailesi ya m'galimoto ati woulutsa mawu akunena iye, ife n'kumati ndi kukula chabe. Ndiye tsiku lina pa mpira wa basiketi wa kusukulu, tauni yonse ili pamabenchi, anaika mpira pansi n'kukhala pakati pa bwalo, manja kumakutu, akukuwa kuti amusiye. Panalibe amene ankamugwira. Ambulansi yathu amayendetsa anthu ongodzipereka, choncho amene anamunyamula ndi mphunzitsi wake wa Sande sukulu ndi mnyamata wogulitsa matayala. Amene sanali pabwalopo anamvera pa kawailesi komvera mauthenga a apolisi kamene nyumba iliyonse kuno imasunga pamwamba pa firiji.

Anakhala kuchipatala cha mumzinda mpaka Khirisimasi itadutsa. Muyesa panabwera munthu kudzatizonda? Amuna anga a Hoyt atathyoka mwendo pa lole yawo yonyamula nkhuku, mbale za makaroni, nkhuku zokazinga ndi zitumbuwa za mapichesi zinadzaza firiji mpaka tinkagawirako galu. Za Dessa ayi, ngakhale kapu ya shuga. Ine ndimagwira ntchito kusitolo ya zakudya za ziweto, ndipo anthu amene ndinasewera nawo tili ana ankabwera n'kundifunsa za mvula, za mtengo wa madeya, za galu wathu yemweyo. Mayi wina amene Dessa ankamulerera mapasa Loweruka lililonse anandiuza, maso ali pa thumba la chakudya cha mphaka, kuti anawo akula tsopano, safunikanso wolera. Mapasawo anali asanasiye matewera. Ndinkalakalaka kuwagenda onsewo ndi chimwala cha mchere wonyambita ng'ombe. Zitandikwana ndinasiya kupita ku mapemphero a Lachitatu, ndinkati ndi tsiku lotsitsa katundu.

Adokotala ake a Dessa, mayi wamfupi wosadziwa nthabwala, anatiphunzitsa chinthu chimodzi tisanatuluke. Anati mankhwala achita mbali yake, koma mwanayu akufunika munthu mmodzi amene sangamunamize ngakhale pang'ono. Akaona kapena akamva chinthu chomukayikitsa azifunsa kuti, "Zoona kapena matenda?" ndipo ine ndiziyankha zenizeni. Galu akuuwa panja? Zoona. Munthu akuyankhula m'paipi ya kubafa? Matenda. Anthu a m'paipi aja anayamba kuchepa mpaka anasamukiratu. Koma adokotala anatichenjezanso kuti akadzayamba kuona ngati anthu akupatsana zizindikiro za iye, tisachedwe, chifukwa ndi mmene zinayambira, ndipo adzamugonekanso kuti amusinthe mankhwala. Dessa atamva zogonekedwanso anagwira mpando ndi manja awiri ngati ayamba kale kumukoka. Za kumeneko sakonda kukamba. Anangondiuzapo kamodzi kuti zitseko zake zimatsekera kunja, ndipo magetsi a m'khonde sazima.

Adokotalawo anatinso Dessa asamabindikire m'nyumba, azikhala pagulu. Ndiye Epulo atafika, apongozi anga a Wilma, amayi awo a Hoyt, anayamba kumutenga ku mapemphero a Lachitatu. Ndinathokoza. A Wilma sanaphonyepo Lachitatu chibadwire cha a Hoyt. Tsitsi lawo amaliunjika pamutu n'kuliumitsa ndi mankhwala moti mphepo imachita kulilambalala, ndipo mawu akuti matenda a maganizo sanatulukepo pakamwa pawo. Iwo amati Dessa anangotopa.

Lolemba lina mu Juni ndinaweruka n'kupeza Dessa atakhala pansi kukhitchini, atatsamira kabati, mawondo pachifuwa.

"Amayi, zabwereranso."

"Mawu aja?"

"Ayi, mawu kulibe. Ndi zizindikiro." Ankayankhula akuyang'ana pansi. "Kutchalitchi. Amakweza manja, amati chosatchula, amayang'anizana, kenako amandiyang'ana ine. Ndikudziwa kuti chosatchula n'cha aliyense, ena amuna awo amamwa, ena ana awo ali kundende. Koma mutu wanga ukuti zonsezo n'za ine. Manja onse, amayi."

"Wayamba liti kuona zimenezi?"

"Kalekale. Ndimati zisiya zokha. Ndiye ndinafunsa agogo."

"Anati chiyani?"

"Anati ayi mwanawe, ndani angakunene iwe, ukungoganiza. Ndiye ndi matenda basi." Anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya. "Lachinayi muwauza adokotala, eti?"

Lachinayi la sabata yomweyo linali tsiku lokaonana ndi adokotala, ndipo iwonso sindiwanamiza. Ndinatuluka panja ndi foni n'kuimbira apongozi.

"Amayi, chosatchula chimene mumakwezera dzanja Lachitatu n'cha ndani?"

"Iii, Lavonne, chikanakhala chotchula bwenzi tikuti chosatchula? Zimenezo n'za munthu ndi Mulungu wake."

"N'cha Dessa?"

"Ayi."

"Amayi, ndikufunsa chifukwa nkhaniyi ndi yaikulu. Mwanayu akhoza kubwerera kuchipatala."

"Ndati ayi. Ndipo usakweze mawu, ndili ndi alendo kuno."

A Hoyt atafika, fungo la nkhuku lili thoo, ndinawafotokozera zonse asanavule n'komwe chipewa.

"Mayi a Dessa, amayi anga anganame? Munthu woti sanadumphepo tsamba la Baibulo? Adokotala ananena kale kuti zikhoza kubwerera. Tisakane poti zikuwawa."

"Ndiye timupereke?"

"Sindinati timupereke. Ndangoti..." Anakanda m'mutu, anatsegula firiji, n'kuima pamenepo akuyang'ana mkaka ngati uwauza chochita. A Hoyt ndi munthu wabwino, koma nkhani ikafika pa amayi awo amasanduka mwana wa sitandade wani.

Chondivuta chinali chakuti mwina akunena zoona. Novembala uja Dessa ankalumbira kuti woulutsa za nyengo akunena iye, ndipo ine ndinachedwa kumva, mpaka zinathera pabwalo la mpira. Kuchedwanso sindinkafuna. Koma kukamutula mwana kuseri kwa zitseko zija popanda chifukwa sindinkafunanso. Mutu unaima. Ndikanayankha bwanji chinthu chimene sindinachione ndekha? Lachitatu ndinauza abwana kuti matumba atsitse okha, ndinapita kunyumba kukavala diresi, n'kumuuza Dessa kuti lero agogo apite okha, iye akwera ndi ine.

Titalowa m'tchalitchi, macheza a pakhomo anazima ngati wathira madzi pamoto. Kenako onse pamodzi, "Lavonne! Mwasowatu!" mano onse pamtunda. Dessa palibe anamupatsa moni womutchula dzina. Ankangomusisita paphewa podutsa, mmene amachitira ndi anamfedwa. Tinakhala chakumbuyo. A Wilma anali pamalo pawo kutsogolo, ndipo sanacheuke.

Nyimbo zitatha, magalasi a abusa anavulidwa. Tinamva za bondo la Mayi Ledford, poti ndulu ija itachotsedwa bondo linalowa m'malo. Tinamva za mdzukulu wa wina amene ali ku usilikali, za ng'ombe ya a Burl imene mwana anatsakamira pobadwa, ndi mmene a Burl anapisiramo mkono mpaka m'phewa. Zonsezi m'nyumba ya Mulungu, anthu asanadye chakudya chamadzulo. Ndiye abusa anati, "Zosatchula zilipo?"

Dzanja loyamba linali la a Wilma. Kenako la Mayi Ledford, kenako la mayi woimba piyano, kenako mzere wonse, manja ali njoo ngati mapesi m'munda. Ndiye maso! Anthu athu kuba ndi maso sadziwa. Wina amayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kugwedeza mutu mwachisoni, onse awiri n'kupendeketsa khosi kumene tinakhala ife. Wa piyano anachita kunyamuka pang'ono pampando kuti aone bwino.

Ndinadziuza kuti ugwire mtima, Lavonne, mwina akuyang'ana iwe, mlendo wa lero. Apo a Burl anaimirira kuti atipempherere tonse. A Burl amapemphera ngati Mulungu ndi wogontha komanso wachilendo m'boma lino. Anadutsa pa bondo, pa msilikali, pa ng'ombe, kenako anatsitsa mawu, kutsitsa kwawo kwa iwo kumene kumamveka mpaka poimika magalimoto.

"Ndiponso Atate, chosatchula chija. Inu mukuchidziwa, ife sitinena. Banja lija, Atate, la kumsewu wa kudamu, mukangodutsa mlatho, nyumba ya denga lobiriwira. Kamtsikana kaja, Atate. Mukakhudze m'mutu mwake."

"Ameni," unatero mpingo wonse mwaulemu.

Kumsewu wa kudamu denga lobiriwira ndi lathu lokha.

Dessa anandigwira pamkono. "Amayi," ananong'ona maso ali chitsekere, "ndamva ngati a Burl atchula nyumba yathu. Zoona kapena matenda?"

Mwana wakhala akumva ndi makutu ake, Lachitatu ndi Lachitatu, n'kumadziuza kuti mutu wake ukumunamiza. Akale anati wamisala anaona nkhondo. Mawu oyambawo ndimadana nawo, koma nkhondoyo inalipodi, itanyamula mabuku a nyimbo.

"Zoona," ndinayankha, ndipo sindinanong'one. "Zoona, Dessa. Akunena iwe. Onsewa."

A Burl anali asanafike pa dzina la Yesu. Anatsegula diso limodzi. Ine ndinali nditaimirira kale.

"Pepani a Burl, ndakudulani. Mulungu mwamulondolera kale njira, afika yekha. Abusa, ndili ndi chopempherera, ndipo changa n'chotchula."

"Mayi Tackett, bwanji tikamaliza tikakhale pansi ku ofesi..."

"Mwala wa a Burl munakaukhalira ku ofesi? Ndinaugwira ndi dzanja langali m'chipinda chomwechino. Mwana wanga dzina lake ndi Dessa Tackett, munamubatiza nokha kumtsinje. Akudwala matenda a maganizo, adokotala amati sikizofireniya. Ankamva mawu amene ife sitimva, ndipo ankaona ngati anthu akumunena mwamseri. Amamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo mankhwalawo akugwira ntchito. Tsono inu mwakhala mukumunenadi mwamseri iye ali pomwepo, akafunsa n'kumukanira. Mawa ndimakamusiya kuchipatala chifukwa cha inu. Mawa lomweli!"

A Wilma anaimirira. Anatembenuka thupi lonse, poti khosi lawo silitembenuka palokha, nkhope ili psuu.

"Lavonne, wamuvula mwana pagulu. Ife timamusungira dzina. Matenda amatha, dzina silitha. Mawa adzafuna ntchito m'tauni muno, adzafuna banja. Adzamutenga ndani mtsikana amene mayi ake omubereka anaimirira m'tchalitchi n'kulengeza zimenezo?"

"Alipo muno amene samadziwa? Akweze dzanja, poti manja mumakweza bwino."

Palibe dzanja linadzuka.

"Amayi, anakufunsani. Mdzukulu wanu anakufunsani maso ndi maso. Inenso ndinakufunsani."

"Ndimati ndisamupweteke mtima." Ndinaona kuti apa akunena zoona. Zimenezo zinangondiwonjezera ukali. Munthu wankhanza umadziwa pomugwira, nanga wokupha ndi chifundo umutani?

"Ambuye akudziwa," anatero abusa, akupukuta magalasi ndi tayi. "Ambuye akudziwa zonse, abale."

"Ambuye akudziwa, Mayi Ledford akudziwa, wogulitsa matayala akudziwa. Amene samadziwa ndi mwini wake yekha!"

Abusa anayang'ana wa piyano, wa piyano anayang'ana abusa, n'kuyamba nyimbo. Inde, anayamba nyimbo. Mpingo unaimirira, mabuku kumaso, n'kuimba mokweza kuposa masiku onse, ngati wina wawalonjeza mphotho. Ndinagwira Dessa padzanja n'kuyamba kutuluka. Mayi Ledford okha sankaimba. Tikudutsa pa benchi yawo anati, "Dessa," n'kuima pomwepo pakamwa pali yasa, osadziwa kuti dzina likatchulidwa pamabwera chiyani. Sitinadikire kuti apeze.

Kunja kunali kusanade. Ndinayendetsa galimoto mwaukali, ndikuyankhula ndekha, kumalizitsa zonse zimene ndinaiwala kuwauza. Titadutsa positi m'pamene ndinakumbukira kuti matenda ndalengezawo si anga, ndipo mwini wake sindinamupemphe. Dessa anali atalozetsa nkhope kuwindo, mapewa akugwedezeka.

"Dessa, wandikwiyira?"

Anatembenuka. Misozi inali mbwee, koma ankaseka.

"Mwati Mulungu afika yekha."

"Nanga si a Burl amupatsa ndi mtundu wa denga womwe."

Anaseka mpaka kutsamwa, kenako anasiya mwadzidzidzi. "Kusukulu adzandinena."

"Amakunena kale, mwanangu."

"Ndikudziwa. Tsopano ndikudziwa." Anapumira m'mwamba. "Ndiye mawa sindigona kumeneko?"

"Tipita, tikawauza adokotala zonse, tibwerera limodzi. Ndikawauza kuti ngati ali ndi mabedi otsala, ndili ndi mpingo wathunthu."

"Ndiye imani kaye."

Ndinapatukira m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi mlatho. Anapisa m'thumba la siketi n'kutulutsa zingwe ziwiri zoyera, zokulungidwa bwinobwino. Ndinayang'ana kumapazi kwake. Nsapato zake zamasewera zinali yasa, malilime ali panja.

"Kuchipatala amachotsa zingwe pakhomo, kuopa kuti ungadzipweteke nazo," anatero. "Ulendo uja anandivula anthu awiri, wina atandipana. Ndimati ulendo uno ndikafike nditachotsa ndekha."

"Wachotsa liti?"

"Lolemba. Agogo atakuyankhani kuti ayi."

Kuyambira Lolemba mwana wakhala akukhwekhwereza mapazi m'nyumba mwanga, ine wa maso akuthwa, woona khosi lililonse lopendekera m'tchalitchi, osaona. Ndinafuna kukalipa, koma wokalipira panalibe.

Anawerama kuti alowetse chingwe, koma mankhwala aja amamunjenjemeretsa zala, ndiye nsonga inkangophonya bowo. Ndinatsika, ndinazungulira, ndinatsegula chitseko chake, n'kugwada pamiyala ndi diresi langa labwino, phazi lake pantchafu panga. Kutchalitchi anali ataweruka. Magalimoto anayamba kudutsa, ndipo iliyonse ikafika pa ife inkachepetsa liwiro, nkhope zili pagalasi. Ya a Wilma inaima patsogolo pang'ono, injini ikulira, koma chitseko sichinatseguke.

Ndinawasiya ayang'ane. Ndinalowetsa chingwe bowo ndi bowo mpaka pamwamba, ndinakoka, ndinamanga mfundo yolimba, n'kumuuza kuti andipatse phazi linalo.